Mafunso ndi mayankho: wikendi ya mphunzitsi wobwera ku Thailand imayenda bwanji?

Chiyambireni kuphunzitsa Chingerezi kuno ku Thailand, anzanga ofuna kubwera amandifunsa mafunso omwewomwewo, ndipo chodabwitsa nchoti ambiri safunsa za mkalasi ayi, amafunsa za Loweruka ndi Lamulungu. Nde ndangoti ndiwasonkhanitse ndiyankhe kamodzi. Ine ndili pa sekondale ya boma m'katauni kakang'ono ku Isan, chigawo cha kumpoto chakum'mawa, kotero amene muli ku Bangkok kapena pa masukulu a ana a anthu olemera zina muziona mosiyana ndi ine.

Kodi wikendi imakhaladi yanga, kapena sukulu imalowereraponso?

Papepala ndi yanu. Ntchito ndi Lolemba mpaka Lachisanu, mumafika 8 koloko isanakwane chifukwa 8 yeniyeniyo ana amakhala ali kale pamzere nyimbo ya fuko ikuimbidwa mbendera ikukwera, cha m'ma 4 madzulo mwaweruka. Koma pali zinthu zimene zimakonda kudya Loweruka, monga English camp, mipikisano ya ana yolankhula Chingerezi, masewera a sukulu, pena semina. Zina amakupatsani kangachepe, zina mumangopatsidwa mpunga ndi zikomo basi.

Chimene chimapweteka si ntchitoyo koma kuti uthenga umakufikani mochedwa. Aphunzitsi a Chithai amakhala akudziwa kalekale chifukwa zinalembedwa pa gulu lawo la LINE, pulogalamu ya pa foni yangati WhatsApp, m'chilankhulo chawo, inu palibe wakumbukira kukuuzani. Ine ndinagulapo tikiti ya basi Lachitatu, Lachisanu masana nkumva kuti mawa kuli mpikisano ndipo m'modzi mwa majaji ndine, tikiti ija inangopita choncho. Kuchokera tsiku limenelo sindigula tikiti ndisanafunse mphunzitsi amene timagawana naye kalasi, ndipo ndimafunsa kawiri, Lolemba ndi Lachinayi. Safunsa anadya phula. Mukapatsidwa kalendala ya sukulu musadabwe ndi chaka, iwo amawerenga zaka za Chibuda zomwe zili patsogolo ndi 543, nde 2025 amalemba 2568.

Nanga maholide aatali amakhala liti?

Temu yoyamba imayamba pakati pa May mpaka kumapeto kwa September kapena koyambirira kwa October, kenako kupuma masabata angapo, yachiwiri kuyambira November mpaka March. Holide yaikulu ndi ya March mpaka pakati pa May, nthawi yomwe kumatentha moti olo kuyenda kupita ku shopu umachita kuganiza kaye. Pakati pa temu pamakhala masiku a tchuthi ambirithu, monga 28 July tsiku lobadwa la mfumu, 12 August, 13 ndi 23 October, 5 ndi 10 December, kuphatikizapo masiku a Chibuda omwe amatsata mwezi, ndipo tchuthi chikagwa Loweruka kapena Lamulungu amabwezera Lolemba. Amenewa ndiye mawikendi a masiku atatu oti muziwasungira maulendo akutali.

Khirisimasi si tchuthi pa sukulu za boma, mumagwira ntchito, ndipo poti ndinu wobwera ndinu amene mudzakonze kasewero ka Khirisimasi, chipewa chofiira chili kumutu thukuta likuchucha kkkk. Chinanso, werengani kontrakiti bwinobwino musanasaine. Ma ejenti ambiri amalipira miyezi yomwe mwaphunzitsa yokha, April kulibe kanthu, pena October amadula. Munthu umalota zoti holide ndikagona kunyanja, holide nkufika m'thumba muli mbee.

Pa wikendi wamba ya masiku awiri ndingapite kuti?

Apa ndinene mosabisa, chaka choyamba ndinalakwitsa. Ndinkaganiza kuti Thailand ndi zilumba zija timaziona pa zithunzi, nde Lachisanu lililonse ndinali pa basi ya usiku kuthamangira kum'mwera, kufika Loweruka masana nditatheratu, kusamba m'nyanja maola atatu, Lamulungu m'mawa ulendo wobwerera, Lolemba kukaima kutsogolo kwa ana 40 maso ali psuu. Kuchokera ku Isan, Phuket kapena Krabi si za wikendi, zimenezo ndi za October.

Lamulo langa pano ndi loti malo opitirira maola anayi ndi a wikendi ya masiku atatu. Ndipo m'maola anayiwo muli zambiri zoti simungazimalize. Ku Phimai m'chigawo cha Nakhon Ratchasima, chomwe aliyense amangoti Korat, kuli kachisi wa miyala wa nthawi ya ufumu wa Khmer, wina ali ku Phanom Rung ku Buriram pamwamba pa phiri lomwe kale linkaphulika moto, ndipo mukapita m'mamawa mumakhala ngati malo onsewo ndi anu. Khao Yai, paki yoyamba m'dziko muno yomwe inakhazikitsidwa mu 1962, kuli njovu ndi mathithi, usiku kumazizira ndithu tengani juzi. Ku Udon Thani kuli nyanja yomwe imadzaza maluwa ofiirira kuyambira December mpaka February, koma muzifika dzuwa lisanakwere chifukwa masana maluwawo amatseka. Chiang Khan ku Loei ndi katauni ka nyumba za matabwa m'mphepete mwa mtsinje wa Mekong, tsidya linalo mukuona Laos. Amene miyendo ili bwino akwere Phu Kradueng, makilomita opitirira 5 chokwera chokhachokha kenako kuyendanso pamwamba kukafika pogona, ine tsiku lachiwiri ndinkatsika masitepe chammbali ngati nkhanu. Amatseka nthawi ya mvula, June mpaka September.

Amene muli cha ku Bangkok muli ndi Ayutthaya, makilomita ngati 80 okha, likulu lakale lomwe asilikali a ku Burma anaotcha mu 1767, mumapita pa sitima m'mawa madzulo mwabwerako. Kanchanaburi kuli mlatho wa pa mtsinje wa Kwai ndi njanji ija inamangidwa ndi akaidi a nkhondo komanso anthu ogwiritsidwa ntchito mokakamiza mu 1942 ndi 1943, anthu anafa ambirimbiri, manda ake alipo mutha kukaona, m'chigawo chomwecho muli mathithi a Erawan osanjikizana kasanu ndi kawiri. Ofuna nyanja pitani ku Hua Hin, kapena pa chilumba cha Koh Samet chomwe boti lake mumakwerera pa Ban Phe ku Rayong.

Basi, sitima kapena ndege?

Basi ndiye imafika paliponse. Ku Bangkok madepoti ndi atatu ndipo musawasokoneze: Mo Chit ndi ya kumpoto ndi Isan, Ekkamai ya kum'mawa, Sai Tai Mai ya kum'mwera ndi kumadzulo. Ya usiku tengani ya VIP ngati thumba likulola, ndipo juzi ndi masokosi musasiye, makina oziziritsa amawatsegula ngati akusunga nyama. Timaminibasi timathamanga mwamisala, ine ndimakwera pokhapokha palibe china.

Sitima ndiyo ndimaikonda. Za mtunda wautali kuyambira January 2023 zimanyamukira pa Krung Thep Aphiwat osati pa siteshoni yakale ya Hua Lamphong, anthu ena mpaka pano amasocherabe. Ya usiku yopita ku Chiang Mai imatenga maola ngati 13, mpando amausandutsa bedi nkuyala nsalu zoyera, bedi la pansi ndi lotakasuka kuposa la m'mwamba ndipo ndi limene limayamba kutha, nde gulani msanga makamaka wikendi ya tchuthi. Mowa m'sitima ndi woletsedwa kuyambira 2014. Ndege zotchipa monga AirAsia, Nok Air ndi Thai Lion Air zambiri zimanyamukira pa Don Mueang osati Suvarnabhumi, onetsetsani pa tikiti, mabwalo awiriwa ali motalikirana ndipo ndi magalimoto a mu Bangkok simungathamangire kwinako nkuipeza ndege.

Ndingadumphe malire kupita ku Laos kapena Malaysia pa wikendi?

Mungathe, koma apa ndi pamene aphunzitsi ambiri amadzipweteka okha, nde werengani mofatsa. Ngati viza yanu ya Non-B, ya obwera kudzagwira ntchito, anaionjezera masiku ku imigireshoni chifukwa cha ntchito, mukangotuluka m'dziko opanda re-entry permit, kachidindo kokulolani kutuluka nkubwereranso, chilolezo chokhalira chija chimafa pomwepo. Pobwerera amakulandirani ngati mlendo wongodzacheza, ndiye kuti zonse kuyambiranso, mapepala a kusukulu, viza yatsopano, pemiti ya ntchito, ndalama ndi masabata. Kachidindo kameneka ndi 1,000 baht (ndalama ya kuno) kotuluka kamodzi, 3,800 baht kotuluka kambirimbiri mpaka chilolezo chanu chidzathe, mumakapeza ku ofesi ya imigireshoni ya m'chigawo chanu kapena pa bwalo la ndege la Suvarnabhumi ndi Don Mueang musanadutse podinditsa. Ngati mukudziwa kuti mutuluka kanayi kapena kuposa, ka 3,800 ndiye kanzeru. Ndinaonapo mnzathu wina akulira pa foni ali pa malire, anangopita kukadya tchuthi masiku awiri.

Kuchokera ku Nong Khai mumaoloka mlatho wa pa Mekong womwe unatsegulidwa mu 1994, Vientiane ili pafupi pomwepo, ndipo kuyambira 2024 kulinso sitima yochokera ku Bangkok mpaka ku Vientiane. Koma musatengere zomwe akuchita anzanu a pasipoti ya Britain kapena America, iwo amangofika nkudinditsa, ife mapasipoti a ku Africa dziko lililonse lili ndi malamulo akeake, fufuzani za pasipoti yanuyo musanagule tikiti. Malire apamtunda ndi Cambodia anatsekedwa mu 2025 maiko awiriwa atayambana, nde kumeneko yambani mwamva kaye kuti zili pati. Pobwerera musaiwale fomu ya pa intaneti ya TDAC yomwe inayamba pa 1 May 2025, wobwera aliyense amadzaza asanalowe.

Za masiku 90 zija zimakhudzana ndi maulendo?

Eya pang'ono. Mukakhala m'dziko masiku 90 osatuluka mumayenera kukanena ku imigireshoni komwe mukukhala, mutha kutero masiku 15 lisanafike tsikulo kapena masiku 7 litadutsa, mukachedwa faindi ndi 2,000 baht. Mukatuluka nkulowanso kuwerenga kumayambira pa tsiku lolowalo. Maofesiwa Loweruka satsegula, nde zimadya tsiku la ntchito, pemphani kwa ahedi nthawi ilipo.

Aliyense akuti ndigule njinga yamoto. Nditero?

M'tauni yaing'ono popanda njinga mumakhala ngati mkaidi, songthaew, timagalimoto ta mabenchi awiri kumbuyo tija, dzuwa likalowa tasiya kuyenda, Grab, matakisi oitanitsa pa foni, nayo kumidzi ndi yosowa. Nde inde njinga imathandiza. Koma misewu ya kuno imapha anthu ambiri zedi ndipo ochuluka mwa omwalirawo amakhala a pa njinga. Pezani laisensi ya njinga yamoto, ya galimoto siyikwanira, popanda imeneyo inshuwalansi zambiri zimakana kulipira mukavulala ndipo bilu ya chipatala cha pulayiveti ingakudyereni malipiro a miyezi. Helimeti valani olo mukupita pa shopu ya 7-Eleven ya pakona. Msewu wa Chiang Mai kupita ku Pai uli ndi makhota 762, si pophunzirira, ukafika ku Pai umaona azungu ambirimbiri mabandeji m'mawondo. Pobwereka njinga jambulani paliponse pomwe pali pokalika ndipo pasipoti musaisiye ngati chikole, siyani ndalama. Manambala awa asungeni mu foni: 1669 ambulansi, 191 polisi, 1155 polisi yothandiza alendo omwe amayankhula Chingerezi. Agalu a m'misewu usiku amathamangitsa njinga, akakulumani olo kukukandani pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chiwewe chilipo.

Anzanga ocheza nawo ndiwapeza kuti? Ndikuopa kukhala ndekha.

Funso lenileni ndi limeneli, enawa ndi mapepala chabe. Poyamba mudzakokedwa ndi gulu la aphunzitsi obwera anzanu, a ku Philippines omwe ndi ambiri kwabasi, a ku Cameroon, Ghana, Kenya, South Africa, ndi azungu. Tauni iliyonse ili ndi gulu lawo pa Facebook kapena LINE ndi bala imodzi yomwe amakumanako Lachisanu. Ndi abwino, amakuonetsani kogula zinthu, amakumvetsani mukamadandaula, muyankhula Chingerezi chothamanga osachita kusankha mawu. Koma mlendo ndi mame. Ambiri makamaka azungu achinyamata amabwera temu imodzi kapena ziwiri, mwangozolowerana uyo wapita ku Vietnam, March aliyense ndi maphwando otsanzikana, ndipo ukakhalitsa umatopa nako kuyambiranso kufotokoza dzina lako ndi komwe umachokera. Chinanso macheza a pa bala paja amakonda kusanduka bwalo lodandaulira, sukulu yanga chakuti, anthu a kuno chakuti, sabata ndi sabata nyimbo yomweyo, umabwerako mtima utalemera kuposa mmene unapitira.

Zinthu zinasintha kwa ine nditasiya kuthawa tauni yanga Lachisanu lililonse. Aphunzitsi a Chithai ankandiitana, ine nkumati pepani ndili ndi ulendo, kawiri katatu basi anasiya. Kuno munthu sakakamiza, ali ndi khalidwe lomwe amati kreng jai, kuopa kumuvutitsa mnzako, nde mukakana amaganiza kuti akukusowetsani mtendere ndipo sadzakuuzani kuti akhumudwa. Tsiku lomwe ndinavomera tinapita ku mu kratha, nyama yootcha wekha pa kambaula ka pakati pa tebulo msuzi ukuwira m'mbali, tinakhala maola anayi, Chingerezi chawo chothyoka Chithai changa chothyokeratu koma tinaseka mpaka nthiti kuwawa. Kuchokera pamenepo ndapita nawo kumunda kokolola mpunga mu November, ku mor lam komwe ndi nyimbo ndi magule a ku Isan ochezera usiku onse, kwa makolo awo kumudzi, malo oti palibe basi ya alendo imafikako. Ndipo tsiku lomwe dengue, matenda ofalitsidwa ndi udzudzu, inandigwetsa amene anandinyamula kupita kuchipatala nkumandibweretsera phala la mpunga anali mayi wina wa dipatimenti yathu, osati anzanga a pa bala.

Tizinthu tothandiza: akakufunsani zaka zanu si mwano, akufuna adziwe ngati ndinu phi, mkulu wawo, kapena nong, mng'ono wawo, chifukwa ndi mmene aziitanirana nanu. Wamkulu mumayamba ndinu kumupatsa wai, moni wophatikiza manja uja, ana asukulu amayamba ndi iwo. Akati kin khao rue yang, kutanthauza mwadya kale, ndi moni koma kawirikawiri ndi kuitananso. Ku lesitilanti wamkulu pa gulu ndi amene amakonda kulipira, musalimbane naye, inu mudzabwezere pobweretsa zipatso kapena tokhwasula ku ofesi, makamaka mukachokera ku ulendo, kubwera chimanjamanja amakuonani. Ndipo phunzirani Chithai olo mawu 50, manambala ndi zakudya poyamba. Mawu amodzi amasintha tanthauzo malinga ndi kakwezedwe ka liwu, mudzalakwitsa, adzaseka, kusekako ndi kumene chibwenzi chimayambira.

Andiitana ku maliro ndi ku ukwati wa munthu yemwe sindikumudziwa, ndipite?

Pitani. Ku maliro valani zakuda kapena zoyera, mwambo umatenga masiku angapo ku kachisi amonke akupemphera madzulo aliwonse kenako thupi amaliotcha, ndipo musadabwe kuona anthu akudya nkumacheza bwinobwino. Ku ukwati zakuda ayi. Konseko pamakhala envelopu, funsani mnzanu kuti anthu a msinkhu wanu amaikamo zingati, pena dipatimenti imasonkha pamodzi. Mnyamata akamalowa umonke nako kumakhala phwando lalikulu ndi kuvina pamsewu. Ku kachisi vulani nsapato, mapewa ndi mawondo zikhale zobisika, musaloze chifanizo cha Buddha ndi mapazi mukakhala pansi, amayi musakhudze mmonke olo kumupatsira chinthu m'manja. Ngati chikhulupiriro chanu sichikulolani kugwada nawo khalani chete kumbuyo mwaulemu, palibe amene anandikakamizapo.

Munthu wakuda amamulandira bwanji?

Sindikunamizani, muzayang'anidwa. Kumidzi ana amaloza, agogo amafuna kugwira tsitsi, ena amapempha selfie, ndipo kuno khungu loyera amalitama moti mafuta odzola ambiri m'mashopu ndi oyeretsa, werengani botolo musanagule. Masukulu ena amalipira mzungu ndalama zambiri kuposa inu pa ntchito imodzimodzi, zimawawa koma zilipo. Zambiri zomwe ndakumana nazo m'tauni yanga ndi chidwi osati chidani, ndipo akangodziwa kuti ndinu khru, mphunzitsi, ulemu wake ndi waukulu, mayi wa pamsika amakuonjezerani ndiwo chifukwa mumaphunzitsa mdzukulu wake. Kumene ndimakhala tcheru ndi ku Bangkok ndi malo a alendo usiku, apolisi amatha kukuimitsani kufuna mapepala anzanu azungu akudutsa. Yendani ndi pasipoti kapena fotokope yake ya tsamba la chithunzi ndi la viza, chithunzi cha pemiti ya ntchito mu foni, yankhani modekha, kukweza mawu kuno sikuthandiza chilichonse. Mukalakalaka kumva ziyankhulo za ku Africa, kumeta kapena kuluka tsitsi kwa munthu wodziwa tsitsi lathu, cha ku Sukhumvit Soi 3 ndi Pratunam ku Bangkok ndi komwe abale amapezeka.

Tchalitchi chiliko?

Dzikoli ndi la Abuda ambiri koma matchalitchi alipo, m'mizinda ikuluikulu mupeza mapemphero a Chingerezi. Ku Bangkok kuli Holy Redeemer ya Akatolika, Christ Church ya Anglican pa Convent Road, ndi Evangelical Church of Bangkok. A Seventh Day ali ndi yunivesite ku Muak Lek ku Saraburi komwe kuli ophunzira ochokera maiko ambiri. M'matauni ang'onoang'ono funsani aphunzitsi a ku Philippines, iwowo ndiye amadziwa komwe kuli misa, ndipo akakutengani konzekani karaoke ikatha misa. Asilamu mizikiti ndi yambiri ku Bangkok ndi kum'mwera.

Ndingamwe mowa momasuka?

M'tauni yanu kumbukirani kuti ndinu chikwangwani. Woperekera zakumwa akhoza kukhala mwana wa kalasi yanu, mwini bala ndi kholo, Lolemba nkhani ili kale kwa ahedi. Botolo limodzi la Leo kapena Chang ndi anzanu palibe vuto, iwonso amamwa, amathiramo ayezi ndipo mudzazolowera, koma kudzandira pamsewu ayi. Masiku akuluakulu a Chibuda monga Makha Bucha ndi Visakha Bucha mashopu sagulitsa mowa. Fodya wa magetsi uja wa vape ndi woletsedwa olo mukuona anthu akusuta. Chamba anachimasula mu 2022 koma mu 2025 anabwezanso kuti chikhale cha odwala okhala ndi kalata ya dokotala, ndipo kwa mphunzitsi nchosayenera kuyandikira, mankhwala ena ozunguza bongo ndiye ndende yake ndi ya zaka zambiri. Full Moon Party ya ku Koh Phangan ndinapitako kamodzi, chikomekome cha mkuyu, ndinabwerako foni itabedwa.

Ndingagwire ganyu ya kuphunzitsa Loweruka kuti ndipeze ya maulendo?

Makolo adzakupemphani ndipo ambiri amachita. Koma dziwani kuti pemiti yanu imatchula bwana wanu ndi ntchito yanu, kugwira kwina komwe sikunalembedwe ndi kuphwanya lamulo ndipo mathero ake akhoza kukhala faindi ndi kuthamangitsidwa m'dziko. Njira yabwino ndi makalasi oonjezera okonzedwa ndi sukulu yanu yomwe.

Nanga zithunzi ndi zolemba pa Facebook?

Ana ndi makolo adzakupezani, nde zithunzi za kunyanja sankhani oziona. Za banja lachifumu musalembe, musagawe, musachite nthabwala olo pa bala, ndime 112 ya malamulo a milandu imapereka zaka 3 mpaka 15 pa mlandu umodzi ndipo sasankha kuti uyu ndi mlendo. Kuipitsa mbiri ya munthu kapena bizinesi nakonso ndi mlandu woti mutha kumangidwa nawo, hotelo ikakukhumudwitsani ganizani kawiri musanaitukwane pa intaneti. Nyimbo ya fuko ikalira 8 m'mawa ndi 6 madzulo pa siteshoni kapena pa paki, imani ngati enawo.

Nchifukwa chani pa geti amandilipiritsa zambiri kuposa a Chithai?

Ndi mmene zilili, mitengo ndi iwiri. Ku Khao Yai mlendo wamkulu 400 baht mwini dziko 40, ndipo pa chikwangwani mtengo wa eni dziko amatha kuulemba m'manambala a Chithai. Malo ena mukaonetsa pemiti ya ntchito kapena laisensi ya Thailand amakuchotserani, ena amakana, yesani mukumwetulira, akakana lipirani.

Songkran ndikaidyere kuti?

Ndi chaka chatsopano chawo, 13 mpaka 15 April, dziko lonse kuthirana madzi. Ku Chiang Mai kapena Silom ndi Khao San ku Bangkok ndi nkhondo yeniyeni ya madzi, kamodzi nkoyenera kukaona, foni ndi pasipoti m'kathumba ka pulasitiki. Ingodziwani kuti kumpoto February mpaka April kumakhala utsi wa kuotcha minda ndi tchire woti maso amachita kuyabwa. Matikiti amatha masabata angapo nthawi isanakwane chifukwa aliyense wa ku Isan wogwira ntchito ku Bangkok amabwerera kwawo, ndipo ngozi zapamsewu zimachuluka mpaka masikuwa amawatcha asanu ndi awiri oopsa, njinga isiyeni panyumba. Yomwe ndimaikumbukira ine ndi ya kumudzi kwa mnzanga, m'mawa tinathira madzi onunkhira m'manja mwa agogo ake iwo akutidalitsa nkutimanga tiulusi toyera pamkono, masana ndiye tinakwera kumbuyo kwa pikapu ndi mgolo wa madzi a ayezi. Zikondwerero zina za ku Isan ndi maroketi a Bun Bang Fai ku Yasothon mu May, zigoba za Phi Ta Khon ku Dan Sai, ndi makandulo akuluakulu osemedwa ku Ubon Ratchathani cha mu July.

Kupukwa kumabwera? Mumatani nako?

Kumabwera, makamaka Lamulungu madzulo, komanso mwezi wachitatu pomwe zachilendo zatha kukoma koma simunazolowere. Kwathu ali m'mbuyo ndi maola 5, nde nthawi yomwe abale amasuka kuti muyankhulane kuno kuli pakati pa usiku, chaka choyamba ndinkagona 2 koloko chifukwa cha WhatsApp, Lolemba nkumayasamula pa asembule. Pano tinapangana, timaimbirana Lamulungu 6 koloko madzulo kuno iwo atangoweruka ku tchalitchi, tikamaliza sindikhalanso m'nyumba, ndimapalasa kupita ku msika wa usiku wa pafupi ndi damu komwe anthu amachita majowajowa pagulu nyimbo ili pamwamba. Mayi wogulitsa som tam, saladi ya papaya wosapsa, pakona paja anasiya kalekale kundifunsa za tsabola, amangoika ziwiri, ndipo ndikajomba sabata imodzi Lolemba lake mdzukulu wake amandifunsa mkalasi kuti Teacher munapita kuti, agogo amakudikirani.